Nyerere Zokwera Matola: Mmene Asayansi Amalosera Kumene Zidzafike

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE)

WOULUTSA 1: Ino ndi nthawi yathu ya za chilengedwe, ndipo lero tikulankhula tili ku Rosebank mumzinda wa Johannesburg.

WOULUTSA 2: Omvera athu, lero tabwera ndi nkhani ya nyerere. Sitikunena za linthumbu ayi, koma tinyerere tating'ono tachilendo tomwe tidachokera kutsidya kwa nyanja, ndipo tikufala m'maiko ambiri. Timva mmene asayansi amajambulira mapu olosera kumene nyererezi zidzafike zisanafike, ndiponso chifukwa chimene mapuwo amakhudzira inu amene mumagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga ku Rosebank, Parkhurst, Dunkeld, Saxonwold ndi Houghton.

WOULUTSA 1: Tiyambire pomwe tilipa. Munthu akamayenda mumsewu wa Oxford kapena wa Jan Smuts mwezi wa Okutobala, jakaranda atachita maluwa, angaganize kuti kuno kudali nkhalango chiyambire. Ayi ndithu. Pamene mzindawu unkayamba m'chaka cha 1886, golide atapezeka, dera lino lidali la udzu wokhawokha, mitengo ili apo ndi apo. Mitengo yambiri mukuionayi adachita kubzala anthu, ndipo yochuluka ndi yochokera kunja. Jakaranda kwawo ndi ku South America. Nyerere tikunenazi kwawonso ndi komweko.

WOULUTSA 2: Dzina lake ndi nyerere ya ku Argentina, asayansi amati Linepithema humile. Kutalika kwake ndi mamilimita 2 kapena 3, mtundu wake ndi wofiirira moderako, ndipo ilibe mbola. Kwawo kwenikweni ndi m'chigwa cha mtsinje wa Paraná, kumpoto kwa Argentina, ku Paraguay, ku Uruguay ndi kummwera kwa Brazil. Pofika chaka cha 1891 idali itaoneka kale ku New Orleans ku America, ndipo akuti idakwera zombo zonyamula khofi. Kuno ku South Africa idafika cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kudera la Cape Town ndi Stellenbosch. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti idabisala m'zakudya za mahatchi zomwe zinkaitanitsidwa kuchokera ku South America pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ya 1899 mpaka 1902. Kuchokera kumeneko yakhala ikupezeka m'matauni a zigawo zina, kuphatikizapo kuno ku Gauteng.

WOULUTSA 1: Wina afunsa kuti, kanyerere kopanda mbola kalakwanji? Mphamvu yake ili pa kuchuluka. Nyerere zambiri zimene timazidziwa zimakhala ndi manthu mmodzi pafunkha, ndipo za mafunkha osiyana zikakumana zimamenyana. Koma za ku Argentina zimakhala ndi amanthu ambirimbiri, ndipo kumaiko kumene zidalowa, za funkha lino ndi za funkha ilo zimangodutsana mwamtendere ngati za mbumba imodzi. M'chaka cha 2002 ofufuza a ku Ulaya adapeza gulu limodzi lotere lotambalala makilomita 6,000 m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Italy mpaka ku Spain ndi Portugal. Mphamvu zomwe zikadathera pa nkhondo yapachiweniweni zimathera pa kuswana ndi kulanda chakudya cha nyerere za eni dera.

WOULUTSA 2: Ndipo eni dera akathawa, zotsatira zake zimafika patali. Kumapiri a Western Cape kuli zomera zotchedwa fynbos, zomwe zambiri sizipezeka kwina kulikonse padziko. Njere za zina mwa zomerazi zili ndi kachakudya konona kumsonga. Nyerere zachikhalire zimanyamula njerezo kupita nazo kuuna, n'kudya kononako, njere n'kutsala pansi panthaka pomwe mbewa sizifika ndipo moto wolusa suzipsereza. M'chaka cha 1984, William Bond ndi Peter Slingsby adasindikiza zomwe adapeza ku Kogelberg: nyerere za ku Argentina zimathamangitsa nyerere zokwirira njere zija, zimadya kononako pomwepo, njere n'kuzisiya pamtetete. Mbewa zimatola, moto umatentha zotsala, mbande zimachepa.

WOULUTSA 1: Alimi nawonso amalira nazo. Nyererezi zimaweta nsabwe za zomera ndi akodikodi chifukwa cha timadzi totsekemera tomwe tizilomboti timatulutsa, ndipo zimathamangitsa tizilombo tabwino tomwe tikadadya nsabwezo. M'minda ya mpesa ndi ya malalanje vutoli ndi lodziwika. N'chifukwa chake nyerereyi ili pamndandanda wa bungwe la IUCN wa zamoyo 100 zachilendo zowononga kwambiri padziko lonse.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA 2: Tabwereranso omvera. Tsopano achimwene, tafika pa mapu aja. Nyerere silankhula, sinena kumene ikupita. Munthu angalosere bwanji ulendo wake?

WOULUTSA 1: Ganizirani mlimi wa mpunga yemwe wayendapo ku Karonga, ku Nkhotakota ndi m'madambo a kunyanja ya Chilwa. Mukapita naye kumalo achilendo, adzayang'ana dothi, madzi ndi kutentha, n'kukuuzani kuti pano mpunga ungachite, apo ayi. Sadabzalepo pamalopo, koma akudziwa zomwe malo onse a mpunga amafanana. Asayansi amaphunzitsa kompyuta kuganiza chimodzimodzi, ndipo ntchitoyo ili ndi magawo anayi.

Gawo loyamba ndi kusonkhanitsa malo onse kumene nyerereyo idapezekapo motsimikizika. Ena amachokera ku nyerere zosungidwa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, monga ya Iziko ku Cape Town, komwe nyerere iliyonse ili ndi kapepala konena malo ndi tsiku lomwe idagwidwa. Ena amachokera kwa ofufuza omwe amakwirira timakapu pansi kuti nyerere zigweremo. Ena masiku ano amachokera ku zithunzi zomwe anthu wamba amatumiza pa intaneti. Malo alionse amasanduka kadontho pamapu.

Gawo lachiwiri, dziko lonse amaligawa m'timabwalo ting'onoting'ono, nthawi zambiri kilomita imodzi uku ndi uku. Kabwalo kalikonse amakalembera mvula yomwe kamalandira pachaka, kutentha kwa mwezi wotentha kwambiri, kuzizira kwa mwezi wozizira kwambiri, ndi kutalika kwa chilimwe.

WOULUTSA 2: Ndiye gawo lachitatu n'kuphatikiza ziwirizo.

WOULUTSA 1: Eyatu. Kompyuta imayang'ana timabwalo tomwe tili ndi madontho n'kufunsa kuti, timeneti tikufanana pati, ndipo tikusiyana pati ndi dziko lonse lotsala? Ikapeza yankho, imayendera kabwalo kalikonse padziko n'kukapatsa malikisi, kuyambira 0 mpaka 1. Komwe malikisi akwera amapakako mtundu wofiira, komwe atsika amapaka wobiriwira kapena wabuluu. Pulogalamu yotchuka kwambiri pa ntchitoyi ndi MaxEnt, yomwe idafotokozedwa bwino m'chaka cha 2006. Ina ndi CLIMEX ya ku Australia, yomwe imayambira pa thupi la kachilomboko: kamafa pa kuzizira kotani, kamaswana pa kutentha kotani.

Gawo lachinayi ndi mayeso. Ofufuza amabisa dala madontho ena, kompyuta osawaona. Mapu akatuluka, amaona ngati madontho obisika aja agwera pofiira. Akagwera pobiriwira, ndiye kuti mapuwo ngabodza, ayambirenso.

WOULUTSA 2: Ntchito yotere idachitika pa nyerere yathuyi m'chaka cha 2004. Núria Roura-Pascual ndi anzake adaphunzitsa kompyuta ndi malo a ku South America komwe nyerereyi idachokera, kenaka n'kuiuza kuti iyang'ane dziko lonse. Mapu adafiira kumene nyerereyi idalowa kale, monga ku California, kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean ndi kuno kummwera kwa Africa. Koma adafiiranso kumalo ena omwe inali isanadziwike kwenikweni, monga madera ena a m'mbali mwa nyanja mu Africa muno ndi kummwera chakummawa kwa Asia. Ataonjezera kutentha kwa dziko komwe kukubwera, adapeza kuti kumadera otentha malo oikomera adzachepa, koma kumaiko ozizira adzakula.

WOULUTSA 1: Phindu lake lili poti boma lililonse lili ndi oyendera katundu ochepa komanso ndalama zochepa. Mapu amawauza doko loyamba kulondera, nazale yoyamba kuyendera, ndi nkhalango yoyamba kuteteza.

WOULUTSA 2: Komatu achimwene, ine mapu amenewa sindiwakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo zifukwa ndili nazo zitatu. Choyamba chili pomwe pano. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700. Mvula imagwa kuyambira Okutobala mpaka Epulo, kenaka kumauma, kumazizira, mpaka chisanu kuyeretsa kapinga m'mawa. Nyerere ya ku Argentina siipirira kuuma. Popanda chinyontho imafa msanga. Kompyuta yongoona mvula yakumwamba inganene kuti miyezi ya Juni ndi Julayi kuno ndi yovuta kwa nyerereyi. Koma kompyutayo siona paipi yothirira yomwe m'bale wathu amatsegula m'mawa uliwonse, siona manyowa onyowa kuseri kwa nyumba, siona khoma lomwe limasunga kutentha usiku. Ku California ofufuza adathirira dala malo ouma, ndipo nyererezi zidalowamo. Pomwe sadathirire sizidalowe. Kabwalo ka kilomita imodzi n'kakakulu kwambiri kwa kanyama ka mamilimita 3.

WOULUTSA 1: Pamenepo mwalasa. Chachiwiri?

WOULUTSA 2: Chachiwiri ndi madontho aja. Amachuluka komwe kuli mayunivesite ndi misewu yabwino. Western Cape ili ndi madontho ambirimbiri chifukwa ku Stellenbosch kuli likulu lofufuza zamoyo zachilendo, Centre for Invasion Biology, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2004, ndipo kudzera mu ntchito yake ya Iimbovane ngakhale ana asukulu amatchera ndi kuwerenga nyerere. Nanga ku Ntchisi, ku Chipata, ku Angónia, ndani akuwerenga? Pamapu pakakhala poyera, nthawi zina sikuti nyerere palibe. Palibe yemwe adapitako kukayang'ana.

Chachitatu ndiye chachikulu. Mapu a nyengo amangonena komwe nyerere ingakhale itafika. Sanena kuti idzafika liti, kapena idzadzera njira iti.

WOULUTSA 1: Apo ndi pomwe pagona nkhani yathu ya lero, omvera. Amanthu a nyerere zambiri amauluka pokayambitsa funkha latsopano. A nyerere ya ku Argentina sauluka ulendo wotero. Manthu amangotuluka wapansi ndi kagulu ka antchito, n'kukamanga pafupi. M'chaka cha 2001, Andrew Suarez, David Holway ndi Ted Case adafufuza mbiri ya kufala kwake ndipo adapeza kuti paokha, malire a nyererezi amasuntha pafupifupi mamita 150 pachaka. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuchokera ku Cape Town kufika ku Johannesburg pamsewu ndi makilomita pafupifupi 1,400. Pa liwiro limenelo, ulendowu ungatenge zaka zoposa 9,000. Koma chifikireni nyerereyi m'dziko lino sipadathe ngakhale zaka 130.

WOULUTSA 2: Ndiye kuti idakwera matola.

WOULUTSA 1: Idakwera matola, ndipo woyendetsa ndi munthu. M'mphika wa maluwa, m'thumba la manyowa, m'kapinga wodula wokabzala kwina, m'zinyalala za m'munda, m'katundu wosamuka. Manthu mmodzi ndi antchito ochepa chabe akwanira kuyambitsa mudzi watsopano. N'chifukwa chake mapu olosera a masiku ano amaikamo zinthu ziwiri: kuyenda kwapang'onopang'ono kwa nyerere payokha, ndi kudumpha kwakutali kotsatira misewu, njanji, madoko, manazale ndi kuchuluka kwa anthu. Roura-Pascual yemwe uja ndi gulu lalikulu la ofufuza adaonetsanso m'chaka cha 2011 kuti kuwonjezera pa nyengo, chomwe chimatsegulira nyerereyi khomo ndi mmene anthu asinthira malo. Mapu a nyerere, mukawayang'anitsitsa, ndi mapu a maulendo athu.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA 2: Mukumvera pulogalamu ya za chilengedwe, ndipo tili ku Rosebank. Amene mumagwira ntchito m'madera ano mwaona kale ndi maso anu mmene mlendo wotere amayendera, ngakhale iyeyu si nyerere. Tikunena kachikumbu koboola mitengo ka mamilimita 2, kochokera kummwera chakummawa kwa Asia, komwe kuno amangokatchula kuti shot hole borer. Kadapezeka koyamba m'dziko lino m'chaka cha 2017, pomwe Dr Trudy Paap wa ku bungwe lofufuza la FABI, ku yunivesite ya Pretoria, adakaona m'mitengo ya London plane m'munda wa zomera wa ku Pietermaritzburg. Pasanapite nthawi kadadziwikanso kumpoto kwa Johannesburg, ku Hurlingham, Craighall Park ndi madera oyandikana ndi kuno. Kamaboola thunthu n'kubzalamo nkhungu yomwe kamadya, ndipo nkhunguyo imatseka njira za madzi mumtengo mpaka mtengo kuuma.

WOULUTSA 1: Nakonso pakokha sikapita patali. Kamayenda m'nkhuni, m'zipika zodulidwa ndi m'mbande za kunazale. M'chaka cha 2022 gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Martin de Wit lidagwiritsa ntchito masamu olosera, ndipo lidapeza kuti ngati palibe chochitika, m'zaka 10 dziko lino likhoza kutaya mitengo ya m'matauni pafupifupi 65 miliyoni, ndi chuma chokwana R275 biliyoni. Abwana akadula mtengo wodwala n'kukuuzani kuti tengani nkhunizi mukawothe, mukazikweza papikapu kupita nazo ku Diepsloot kapena ku Cosmo City, mwajambula nokha kadontho katsopano pamapu.

WOULUTSA 2: Kunja nakonso zikuchitika. Nyerere yoluma yofiira, Solenopsis invicta, yomwe idasautsa kummwera kwa America kuyambira m'zaka za m'ma 1930 ndipo idapezeka ku Brisbane ku Australia m'chaka cha 2001, idatsimikizika ku Ulaya m'chaka cha 2023. Ofufuza adapeza mafunkha 88 pafupi ndi mzinda wa Syracuse pachilumba cha Sicily. Atajambula mapu olosera, adapeza kuti mwa dziko lonse la Ulaya, magawo 7 okha pa 100 ndi omwe angaikomere. Koma atayang'ana matauni okha, theka la matauniwo lidafiira. Tauni ndi yofunda, ndi yothiriridwa, ndipo katundu amalowa tsiku ndi tsiku.

WOULUTSA 1: Ndipo kwathu ku Malawi nkhani ya alendo otere si yachilendo. Nankafumbwe wamkulu uja, wochokera ku Central America, adayamba kuoneka ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo adalowa kwathu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kudzera kumpoto, atabisala m'matumba a chimanga ndi makaka. Ntchembere zandonda zidaoneka koyamba mu Africa m'chaka cha 2016, ndipo pofika Disembala 2017 boma lidalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pangozi. Namasupuni pamtsinje wa Shire naye ndi mlendo wa ku South America. Onsewa tidawadziwa atakhazikika kale, ndipo madzi akatayika saoleka.

WOULUTSA 2: Tsono ganizirani mabasi omwe amanyamuka ku Park Station kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, ngolo zakumbuyo zitadzaza katundu. Ulendo womwe nyerere singauthe m'zaka zikwizikwi, basi imautha m'masiku awiri kapena atatu. Ndipo malo ozizirirako, achinyontho, monga Dedza, Zomba, Thyolo ndi Mulanje, kapena minda yothiriridwa ya ku Area 10 ndi ku Namiwawa, ndi mtundu wa malo omwe wojambula mapu angayambe kuwayang'anitsitsa. Ambiri mwa ife timakonda kutengera kumudzi kambande ka duwa lokongola kapena ka mtengo wa zipatso komwe taona kwa abwana. Mtima ndi wabwino, koma dothi la mumphikamo simudziwa labisa chiyani.

WOULUTSA 1: Nanga tichitenji? Tili ndi mfundo zisanu, ndipo tizinena pang'onopang'ono. Yoyamba: musanasamutse mphika wa maluwa kuchoka pakhomo lina kupita lina, unyamuleni muone pansi pake, ndipo mugwedeze dothi. Mukaona nyerere zikutuluka zitanyamula timazira toyera, mmenemo muli funkha. Umizeni m'madzi a sopo kufikira nyerere zonse zitafa, kapena musinthe dothi lonse.

WOULUTSA 2: Yachiwiri: zinyalala za m'munda zipite kumalo omwe khonsolo idakonza, osati kumtsinje kapena kutchire. M'mbali mwa mtsinje wa Braamfontein Spruit ndi monyowa chaka chonse, ndipo nyererezi zimakonda kutsata mitsinje.

WOULUTSA 1: Yachitatu: mtengo ukakhala ndi timabowo ta pafupifupi milimita imodzi, tothimbirira madzi kapena totuluka utuchi, nkhuni zake zisachoke pamalopo mwachisawawa. Uzani eni nyumba kuti adziwitse a Johannesburg City Parks and Zoo.

WOULUTSA 2: Yachinayi: popita kumudzi, dothi la kuno lisiyeni kuno. Zomera zodutsa malire zimafuna chilolezo ndi chiphaso chotsimikiza kuti zilibe matenda, ndipo lamulolo lidaikidwa kuti liteteze munda wa mayi anu omwe.

WOULUTSA 1: Yachisanu ndi ya achinyamata amene muli ndi mafoni a kamera, kuno ndi kumudzi komwe. Mukaona nyerere kapena kachilombo kachilendo, kajambuleni chapafupi n'kutumiza pa iNaturalist, komwe akatswiri amathandiza kuzindikira mtundu wake, ndipo malo ake amalowa m'kaundula womwe ojambula mapu amagwiritsa ntchito. Kumudzi, kaonetseninso alangizi a zaulimi. Madera athu ndi omwe ali ndi madontho ochepa, choncho chithunzi chimodzi cha ku Mchinji kapena ku Mwanza chimalemera kuposa zithunzi zambiri za ku Stellenbosch.

WOULUTSA 2: Asayansi ali ndi makompyuta ndi masamu, koma amene amagwira dothi la Rosebank ndi manja tsiku lililonse ndinu. Mlendo akafika, woyamba kumuona ndinu, ndipo woyamba kumukaniza matola ndinu nomwe.

WOULUTSA 1: Nthawi yatithera omvera. Mawa mukafika kuntchito, yambani mwayang'ana pansi pa miphika ya maluwa, ndipo uzaniko anzanu zomwe mwamva lero.

WOULUTSA 2: Omvera athu, tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)